M'mimba Mopweteka Masiku a Sukulu Okha

Lolemba m'mawa, Mzime anadzukanso atagwira pamimba.

Mayi ake anali ataika kale madzi osamba, yunifolomu atasita, tiyi akuzirala pa tebulo. Atalowa kuchipinda anapeza mwanayo atadzipinda pabedi ngati bongololo wakhudzidwa ndi kamtengo, nkhope atalozetsa kukhoma. Sanavutike n'kufunsa. Yankho ankalidziwa.

"M'mimba, amayi."

Mayiwo anaima pakhomo, manja m'chiuno, nausa moyo. Loweruka mwana yemweyu analumpha chingwe ndi anzake tsiku lonse mpaka fumbi kumutu. Lamlungu anadya napempha chowonjezera. Koma likangofika tsiku la sukulu, m'mimba munkadzuka mwiniwake asanadzuke.

Mzime anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anali m'kalasi yachinayi. Dzinali linangomukakamira chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa m'nyumbamo. Ana analipo awiri okha, iye ndi mkulu wake, mtsikana wa kalasi yachisanu ndi chiwiri amene mayeso alionse ankakhala nambala wani. Mayi awo anali telala. Makina awo anali m'kachipinda koyang'ana kumsewu, kodzaza ndi nsalu za anthu. Bambo awo anali wowotcherera zitsulo, munthu wamawu aakulu chifukwa chozolowera kulankhula pakati pa phokoso la nyundo.

Bambowo atamva kuti m'mimba mwayambanso, anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira pa tebulo. Ananena kuti matenda odziwa kalendala sanawaonepo chibadwire, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, lamba. Akazi awo anawakumbutsa kuti lambayo anayesedwa kale mwezi watha. Chimene chinatuluka n'chakuti mwana anapita kusukulu akulira, nasanza pageti, aphunzitsi n'kumubweza.

Zoonadi, anali atayesa zambiri. Anamumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba. Anamuletsa zokazinga za pamsewu. Madzi akumwa ankachita kumuwiritsira payekha. Anamunyengerera, anamuopseza, anamulonjeza nsapato zatsopano. Zonsezo kunali kutunga madzi ndi dengu.

Mkulu wake, amene anali atabereka kale chikwama, anathira mafuta pamoto. Anati aphunzitsi a kalasi yachinayi anamutuma kuti akanene kunyumba kuti Mzime akapitiriza kujomba, chaka chamawa abwereza kalasi.

"Wanditopetsa mwana iwe," anatero mayi. "Nsalu za anthu zili mbwee, ine ndizingokhalira kulondera mimba yako? Dzuka uvale. Lero tikamvera kuchipatala."

Kuchipatala anapeza mzere wautali. Anakhala pabenchi pafupi ndi mayi wina wachitsikana amene kamwana kake kankalira mosatonthozeka. Anakapatsa bere, kanakana. Anakabereka kumsana, kanayamba kupalapata. Anthu pamzerepo anayamba kutsonya ndi kuyang'ana kumbali.

Mzime anapisa dzanja m'chikwama cha mayi ake, momwe simunkasowa tizidutswa ta nsalu. Anatenga kachidutswa kofiira, anakamanga mfundo kumapeto, nasiya timakutu tiwiri. Kenako anagwada patsogolo pa kamwanako nayamba kuyendetsa kansaluko pabenchi pang'onopang'ono. Motsitsa mawu anakauza kuti kameneka ndi kamphaka, nakonso kabwera kudzabayitsa jakisoni, koma kakuchita mantha. Anafunsa ngati kamwanako kangathandize kukagwira. Kulira kunasanduka kusisima, kusisima kunatha, ndipo posakhalitsa kamwana kanali kakuseka, misozi isanaume m'masaya.

Mayi a Mzime sanasangalale nazo. Anamukoka mkono n'kumukhazika pabenchi.

"Wodwala amaseweretsa ana? Ukufuna anthu aziti ndabwera ndi bodza?"

Mzime anagwetsa nkhope, dzanja n'kubwerera pamimba.

Anamwino amene anawalandira anali mayi wachikulire wovala magalasi, wosapupuluma. Chitseko cha chipinda chawo chinali chotsekula m'mawa wonse, ndipo benchi ija ankaiona bwinobwino. Anamugoneka Mzime pakabedi, anamusindikiza pamimba mbali zonse, anamuyeza kutentha kwa thupi, anamuyang'ana m'maso ndi lilime. Anawatumiza kukayezetsa magazi ndi chimbudzi. Pobwerako dzuwa linali litakwera, ndipo zotsatira zonse zinali zabwino.

Mayi anaomba m'manja kamodzi, mokhumudwa. Anati ankadziwa kale kuti ndi ulesi, ndipo tsopano tsiku lantchito lapita pachabe. Anamwino anawapempha kuti akhale kaye chete pang'ono. Anakoka mpando nakhala pafupi ndi Mzime, namufunsa kuti m'mimbamo mumayamba nthawi yanji. Mwanayo anati akangomva mayi akusita yunifolomu. Anamufunsa kuti phunziro loyamba kusukulu limakhala lanji. Anati kuwerenga. Anamufunsa chimene chimachitika pa phunziro limenelo. Mzime anayankha motsitsa mawu.

"Aphunzitsi amaloza munthu kuti aimirire awerenge. Ine ndimachedwa. Ndikakakamira pa mawu, ena amamalizitsa, kenako amaseka."

Anamwino anagwedeza mutu. Kenako anafunsa funso lina.

"Nanga iweyo, n'chiyani chimene umachita bwino?"

"Palibe."

"Palibe ngakhale chimodzi?"

"Palibe. Nzeru zonse anatenga achemwali. Ine ndinapeza zitatha."

Mayi anadzidzimuka. Mawu amenewo sanali a mwana. Inali nthabwala ya bambo ake, imene ankainena pafupifupi kwa mlendo aliyense wobwera pakhomo, alendo n'kuseka, iwonso mayi n'kuseka nawo. Sanaganizepo kuti mwana woima pambali ndi mbale m'manja ankaisunga.

Anamwino anamuuza Mzime kuti akadikire pabenchi. Chitseko chitatsekedwa, mayi anayamba kudziteteza. Anati kwawo aliyense amasekedwa, ndipo palibe anafa nazo. Anati mwanayo amadya, amavala, sukulu amamulipirira zonse zofunika. Nanga akufunanso chiyani?

Anamwino analoza tepi yoyezera imene mayiwo anaiwala kuvula m'khosi.

"Ndinu telala, eti? Simunamvepo m'mimba mukuwira pamene mwini diresi akubwera kudzatenga, inu musanamalize?"

Mayi anavomera kuti zimachitika.

"Ndiye mwana wanu amamva zimenezo tsiku lililonse. Sakunama. Ululuwo ndi weniweni, koma gwero lake ndi mantha. Amapita kumalo kumene akudziwa kuti akalephera, kuchokera kunyumba kumene anamuuza kale kuti ndi wolephera."

Anawafotokozera kuti mwana wa msinkhu umenewu sanayambe kudziyeza yekha. Amadziona mmene akuluakulu akumuonera. Akamamva tsiku ndi tsiku kuti ndi wouma mutu, amakhulupirira, ndipo amasiya kuyesa. Anawauza kuti asiye kumuyerekeza ndi mkulu wake, ngakhale mwanthabwala. Amupatse ntchito yeniyeni pakhomo n'kumusiya aimalize yekha, ngakhale ipindike. Akakumane ndi aphunzitsi ake. Koposa zonse, ayambe kuyang'ana zimene mwanayo amachita bwino, n'kumamuuza.

"Ndiye tizimunamiza kuti ndi wanzeru?" anafunsa mayi.

"Ayi. Mwana amagwira bodza msanga kuposa inu ndi ine. Muzinena zimene mwaona ndi maso. Ine lero ndaona mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akutontholetsa khanda limene linalepheretsa benchi yonse ya akuluakulu. Inu munaona chiyani?"

Mayi anakumbukira mmene anamukokera mkono pabenchi paja. Iwo anaona mwana wowachititsa manyazi.

Powatsanzika, anamwino anawachenjeza kuti mwanayo akatentha thupi, akamasanza kawirikawiri, akamaonda, kapena ululu ukamamudzutsa ku tulo, abwere naye msanga osadikira. Anaitananso Mzime, namuuza pamaso pa mayi ake zimene anaona pabenchi paja. Mzime anangoyang'ana zala zakumapazi.

Pobwerera anadzera kumalo antchito a bambo. Anawapeza atawerama pa geti limene ankawotcherera, moto uli thethethe. Mayi anamutuma Mzime kuti atsogole kunyumba, kenako anafotokoza zonse. Bambo anakankhira chigoba chotchinga kumaso pamwamba pa mutu, namvetsera atakwinya nkhope. Anati zimenezo ndi za masiku ano. Iwo anakula popanda wowayamikira, koma lero si awa, akudyetsa banja? Mayi atatchula za nthabwala ija, bambo anayamba kupukuta manja ndi chiguduli kwa nthawi yaitali.

"Ananena choncho? Kuti anapeza zitatha?"

"Mawu anu omwe, osachotsera."

Bambowo anali munthu wosadziwa kuchita zinthu pang'ono. Akati amenye chitsulo, ankamenyadi. Madzulo omwewo, Mzime atabweretsa mchere pa tebulo, bambo analengeza ndi mawu awo aakulu aja kuti mwana wanzeru ngati ameneyu sanabadwepo. Mwanayo atatseka zenera, bambo anati taonani luso. M'mawa mwake Mzime atangovala nsapato, bambo anamuuza kuti tsiku lina adzakhala dokotala wamkulu. Mkulu wake ankangotembenuza maso. Mzime anapirira masiku angapo, kenako madzulo ena anaika supuni pansi.

"Abambo, anesi aja ndi amene akuuzani kuti muzitero. Ndangobweretsa mchere basi."

M'mawa mwake m'mimba munapwetekanso.

Bambo anapsa mtima. Anapita kukachipinda ka makina kuja nayamba kudandaula akuyendayenda pakati pa nsalu. Akakalipa, alakwa. Akayamikira, alakwanso. Ndiye achite chiyani, azingolankhula ndi zitsulo? Mayi, amene anali ndi mapini kukamwa, anawachotsa mmodzimmodzi, n'kuwakumbutsa kuti anamwino sananene kuti aziimba nyimbo. Anati anene zimene aona. Bambo anayankha kuti mwanayo amamuona m'mawa ndi madzulo basi, aonapo chiyani? Mayi anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwayi unabwera Loweruka. Dengu la ulusi linagwa pashelefu, ulusi wamitundumitundu n'kukolana kukhala chimpira chimodzi. Mayi anakuwa kuti zawakwana. Bambo anatenga lumo kuti angodula zonse. Mzime anapempha kuti amupatse. Anakhala pansi pakhomo, miyendo atatambasula, nayamba kumasula mfundo imodziimodzi. Anzake anabwera kudzamuitana kukalumpha chingwe, anawauza kuti abwera. Bambo anali pampando panja akukonza wailesi, ndipo ulendo uno anayang'anadi. Anaona mwana akutsatira ulusi ndi chala, ukakana n'kubwerera pambuyo, osakoka, osatsonya. Dzuwa litapendeka, ulusi uliwonse unali utakulungidwa pakamtengo kake.

Bambo anatsokomola kaye. Kulankhula motsitsa mawu kunkawavuta.

"Ine ndikanadula. Iwe unakhala pansi mpaka mfundo yomaliza. Anthu odekha choncho ndi ochepa, ngakhale kuntchito kwanga."

Mzime anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akufufuza pamene pabisala bodza. Sanalipeze. Ulendo uno sanatsutse.

Mayi nawo anali ndi vuto lawo. Manja awo anali achangu, ndipo kuona munthu akuchedwa ndi ntchito kunkawayabwa. Mzime akayamba kupinda zovala, iwo ankamulanda. Akayamba kutsuka kapu, ankati bweretsa kuno, uphwanya. Tsopano anakumbukira mawu a anamwino, namupatsa malaya a kuntchito a bambo ake kuti asokerere mabatani amene anathothoka. Anamuonetsa batani limodzi, n'kubwerera pamakina.

Kunali kuzunzika. Mzime anatenga nthawi yaitali kungolowetsa ulusi pasingano. Batani loyamba linakhala pansi kwambiri. Lachiwiri linalendewera. Mayi ankapalasa makina maso ali pa mwana, mpaka anakhotetsa msoko wa siketi ya munthu n'kuyamba kuusomola akung'ung'udza. Kangapo konse dzanja lawo linanyamuka lokha kuti lilande malayawo, iwo n'kulibweza. Pomaliza Mzime mwiniwake anaona kuti batani lina lalendewera, analidula, nalisokanso. Lachitatu linakhala bwinobwino.

Mayi anamuuza kuti aona kuti walakwitsa, wazindikira yekha, wakonza yekha, ndipo umo ndi mmene telala aliyense amaphunzirira. Bambo anavala malayawo kuntchito, kolala itapendekera mbali imodzi. Anzawo atawaseka, anawauza kuti amene ali ndi mwana wodziwa kugwira singano aseke, enawo atseke pakamwa.

Kusukulu mayi anapita nthawi yopuma. Anapeza aphunzitsi a kalasi yachinayi atakhala pakhonde, mulu wa makope uli pamiyendo, choko chili mbuu m'manja. Atangomva kuti ndi mayi a mwana wojomba uja, aphunzitsi anayamba kutula zawo. Anati ana m'kalasimo ndi ochuluka moti kuti afike kumbuyo amachita kulumpha miyendo. Makolo amangobwera pamene zinthu zaipa. Mwana wosalankhula ngati ameneyo, munthu angadziwe bwanji zimene zili m'mutu mwake? Iwo ankangoti ndi waulesi, makamaka poona mkulu wake.

Mayi anaugwira mtima, ngakhale mawu anali atafika pakhosi. Anafotokoza za kuchipatala, za kuwerenga, za kuseka kwa anzake. Anafotokozanso za kamwana ka pabenchi kaja. Aphunzitsi anasiya kuchonga. Anati za kusekazo amazimva, koma sankadziwa kuti zafika mpaka m'mimba.

Anagwirizana zinthu zochepa. Aphunzitsi anati sadzamudzidzimutsanso. Azimuuziratu ndime imene adzawerenge mawa lake, kuti akaikonzekere kunyumba. Anati aikanso lamulo m'kalasi kuti munthu akamawerenga, wina asamumalizire mawu. Kenako anakumbukira kuti Lachisanu lililonse ana ena a m'kalasi mwawo amapita kukawerengera nthano ana a kalasi yoyamba. Nthawi zonse ankasankha owerenga mothamanga. Ulendo uno anati ayesa Mzime.

Mzime atamva zimenezo anakana kwamtuwagalu. Anati samatha kuwerenga, ndiye akawerengera bwanji ena? Lachisanu m'mawa anadzuka atagwira pamimba, akulira.

Mayi anamva mkwiyo ukukwera monga kale. Panali diresi laukwati loti amalize tsiku lomwelo. Anatuluka panja, anapuma kaye, nabwerera. Sanakalipe, komanso sanamuuze kuti agone. Anakhala m'mphepete mwa bedi namufunsa chimene akuopa. Mzime anati tianato timuseka. Mayi anamuuza kuti mantha amenewo ndi omveka, ndipo m'mimbamo mukhoza kupweteka mpaka atayamba kuwerenga. Anati amuperekeza mpaka pageti. Anayenda pang'onopang'ono, mwana akukoka miyendo, mayi akuganiza za diresi. Pageti Mzime anaima, anayang'ana m'mbuyo, kenako analowa.

Masana anabwera akuthamanga, chikwama chikugunda kumsana. Anati tiana ta kalasi yoyamba sitinaseke. Anzake owerenga mothamanga aja akamawerenga, tianato tinkangoyasamula ndi kutsinana. Iye ankawerenga pang'onopang'ono, n'kumaonetsa zithunzi, n'kumasintha mawu pakalankhula galu ndi pakalankhula mbuzi. Atakakamira pa liwu lina lalitali, kamnyamata kena kanati nakonso liwu limenelo limakavuta, ndipo analitchula limodzi. Atamaliza, tianato tinamugwira yunifolomu kuti awerengenso.

Mayi anamvetsera zonse phazi lili pamakina. Diresi linachedwa, mwiniwake anawalankhulira mawu owawa, koma tsiku limenelo sanawasunge kumtima.

Kuyambira pamenepo Mzime ankabwera ndi buku kunyumba kudzakonzekera Lachisanu. Ankawerenga mokweza pakhonde, kubwereza mzere womwewo mpaka aliyense m'nyumbamo anauloweza osafuna. Bambo ankati nkhani ya galu ndi mbuzi yayamba kuwalowa m'maloto. M'mimba simunasiyiretu tsiku limodzi. Munkabwerabe, makamaka tsiku la mayeso a masamu. Koma masiku ojomba anachepa, kenako anatha.

Pamene makolo ankati apume, vuto linatulukira kwina. Mkulu wake wa Mzime anayamba kuyankha mwamwano ndi kumenyetsa zitseko. Madzulo ena, bambo atayamikira Mzime kuti wawerenga tsamba lonse osaima, mtsikanayo anakankha mbale.

"Iye akawerenga tsamba limodzi, nyumba yonse imve. Ine ndikakhoza zonse mumangoti tinadziwa kale. Nanga tsiku limene ndidzakhale nambala thuu, mudzandidziwanso?"

Anathamangira kuchipinda. Bambo anagwira mutu ndi manja onse awiri, nafunsa kudenga ngati m'nyumba muno mudzakhalanso mtendere. Anati wina wachira, wina wayamba, ndipo kulera ana kukanakhala ngati kuwotcherera, bwenzi atamaliza kalekale.

Koma mayi anamva mawu omalizawo. Anazindikira kuti mwana wawo wamkulu naye anali ndi mantha ake. Zaka zonsezi ankamuyamikira chinthu chimodzi chokha, nambala. Mtsikanayo ankaganiza kuti nambalayo ikadzagwa, iyenso adzagwa nayo. Mayi anamutsatira kuchipinda. Anamuuza kuti amaona mmene amadzukira yekha popanda womudzutsa, mmene amafotokozera masamu kwa ana a nyumba yoyandikana nayo mpaka amve, ndi mmene amanenera zoona ngakhale zikhale zomuika m'mavuto. Anati zimenezo sizilembedwa pa lipoti la kusukulu, koma ndi zimene iwo amanyadira, ndipo akhale nambala wani kapena nambala teni, pakhomo pano malo ake ndi omwewo. Mtsikanayo analira kwambiri, kulira kwa munthu amene wasenza katundu nthawi yaitali.

Patapita milungu ingapo, Mzime anabwera kuchokera kusukulu nkhope ili gwaa. Anaponya chikwama pansi pa tebulo la makina. Mayi atafunsa, anati pa phunziro la masamu aphunzitsi anafunsa funso, iye anakweza dzanja. Chiyambire chaka anali asanakwezepo. Aphunzitsi anamuloza, anayankha, ndipo yankho linali lolakwa. Ana ena kumbuyo anaseka.

Mayi anaona ntchito yonse ya miyezi imeneyi ikugumuka. Anafuna kuthamangira kusukulu, anafuna kunena kuti anawo ndi opanda khalidwe, anafuna kumuuza kuti asadzakwezenso dzanja pa zimene sakuzidziwa bwino. Anameza zonsezo. Anangomuuza kuti kukweza dzanja pagulu usanatsimikize yankho kumafuna mtima wolimba, ndipo akuluakulu ambiri sangathe. Mzime anangoti mhm, natuluka. Madzulo mayi anauza bambo kuti akonzeke, mawa kuli nkhondo.

M'mawa mwake, mayi akutuluka kuchipinda, anapeza Mzime atasamba kale, atavala, akusakasaka sokosi imodzi pansi pa mpando. Ankadandaula kuti m'nyumba muno anthu amachedwa kudzuka, tiyi sanapse, ndipo iye achedwa.

"Ukuthamangira chiyani?" anafunsa mayi.

"Samu ija achemwali andionetsa pamene ndinalakwitsa. Ndinaiwala kubwereka pochotsera. Ndikufuna ndikawauze aphunzitsi asanayambe phunziro lina."

"Nanga akakusekanso?"

Mzime anakweza mapewa, akukoka sokosi.

"Aseke. Masamu amandivuta, koma ndikakhala nawo pansi ndimawamasula. Ndine wodekha ine."

Bambo, amene anali pakhomo ndi mswachi m'kamwa, anayang'ana akazi awo. Mayi anapita kukafulumizitsa tiyi, akung'ung'udza kuti tsopano munthu sangagonenso m'nyumba yake yomwe.

Chaka chitatha, Mzime sanabwereze kalasi. Sanakhale nambala wani, ndipo sanayandikireko n'komwe. Anakhoza bwino kuwerenga, masamu anangodutsa pang'ono. Bambo atagwira lipoti, pakamwa panatseguka kuti afunse za ana amene anali pamwamba pake. Mayi anawaponda phazi pansi pa tebulo. Bambo anatsokomola, naloza pamene panalembedwa za kuwerenga, n'kufunsa mwana wawo kuti anachita bwanji kuti afike pamenepo. Mzime anakoka mpando, nayamba kufotokoza.

Makolo ndi aphunzitsi, mwana aliyense ali ndi chimene amachita bwino, koma sangachione yekha ngati akuluakulu sitinachione. Zala za dzanja limodzi sizilingana, choncho tisayerekeze mwana ndi mbale wake kapena mnzake, ngakhale mwanthabwala. Tisamunamize ndi mayamiko opanda pake. Tiyang'ane modekha, ndipo timuuze chenicheni chimene taona. Timupatse ntchito, timulole alakwitse, akonze yekha. Wokhoza kwambiri nayenso amafuna kudziwa kuti timamukonda popanda nambala. Mwana akamadwaladwala masiku a sukulu, tipite naye kuchipatala, komanso timufunse chimene akuopa. Mawu amene timalankhula pamaso pa mwana lero ndi amene iye adzadziuze mawa, ife kulibe.